Phazi Lakumanja la Orest Hlady

Orest Hlady anaphunzira kuponda buleki asanamere ndevu. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo ake anamukweza pa lole yawo ya tirigu n'kuitsitsira padziwe lomwe linali litaundana kuseri kwa khola. Anamuikira thumba pampando kuti aziona kutsogolo. Lamulo linali limodzi: pa ayezi buleki sakanikiza. Umaponda, n'kusiya, n'kupondanso, msangamsanga, ngati wopopa tayala. Ukakanikiza osasiya, matayala amauma, chiwongolero chimagontha, lole n'kumapita komwe yafuna yokha. Akalakwitsa, bambo akewo ankamukwapula bondo ndi chipewa. Pofika madzulo phazi linali litamva.

Phazi limenelo linamugwirira ntchito zaka zoposa makumi asanu. Anatuta tirigu, anatuta ng'ombe, kenako anayendetsa basi ya ana a sukulu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osagwetsa mwana ngakhale mmodzi pampando. Mkazi wake atamwalira, khonsolo ya tauni ya Verba inamupatsa vani yonyamula odwala ndi okalamba. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankapita nawo kuchipatala chachikulu kumzinda, makilomita 90, n'kuwadikira, n'kuwabweza. Panalibe womulimbirana ntchitoyo. Achinyamata anali atapita ku migodi ndi ku mzinda waukulu wa Regina, ndipo otsala m'tauni ambiri anali oti anyamulidwe.

Sanali wolankhulalankhula, koma anali ndi miyambo yake. M'mawa ankazula chingwe cha magetsi chotenthetsera injini n'kuchikulunga bwinobwino. Ankapala ayezi pa mawindo onse, osati kabowo kosuzumirapo ngati amachitira aulesi. Ankasesa chipale padenga. Kumbuyo sikunkasowa matumba awiri a mchenga, fosholo, bulangeti, ndi kandulo ya m'chitini. Akafika pa nkhokwe yakale ya tirigu kumapeto kwa tauni, pomwe msewu ndi wowongoka ndipo sipakhala munthu, ankagunda buleki pang'ono kuti amve mmene msewu wadzukira tsikulo. Ankati za msewu safunsa wailesi, amafunsa phazi.

Wokwera wake wa masiku onse atatu anali Nettie Sawchyn. Awiriwa anayambira limodzi sukulu, ndipo anayamba kukangana chaka chomwecho. Impso za Nettie zinali zitasiya ntchito, choncho katatu pa sabata ankakakhala maola anayi pa makina osefa magazi. Miyendo nayo inali itatopa. Ankayendera mpando wa matayala, umene Orest ankaukweza kumbuyo kwa vani n'kuumanga ndi malamba anayi. Pakamwa pokha ndiye panali pasanadwale.

"Mangitsa, iwe. Sindine thumba la mbatata."

"Thumba la mbatata limakhala chete."

"Limakhala chete chifukwa silidziwa amene akuyendetsa."

Nettie anali ndi kanyumba kake ka zipinda ziwiri, ndi dimba la tomato ndi adyo kuseri. Analinso ndi mwana wamkazi ku Regina, dzina lake Larysa, amene anali atamupezera kale malo ku nyumba yosungira okalamba pafupi ndi chipatala. Pangano lawo linali lakuti vani ikamayenda, Nettie akhala pakhomo pake. Tsiku lomwe idzaime, alongedze. Ndiye kuti nyumba ya Nettie inaima pa phazi la Orest. Onse awiri ankadziwa zimenezi, koma sankazitchula.

Chaka chimene Orest anakwanitsa zaka 67, vani yakale inatha ndi dzimbiri ndipo khonsolo inagula yatsopano. Miyezi yotentha inayenda bwino. Ayezi woyamba atagwira mu Okutobala, Orest anafika pa nkhokwe paja n'kugunda buleki monga mwa masiku onse. Buleki inanjenjemera pansi pa phazi lake, ikulira ngati galu wolandidwa fupa. Anatembenuka pomwepo n'kulunjika ku galaja ya Jolene Thiessen, mtsikana amene anatenga ntchito ya umakaniko bambo ake atapuma.

"Mabuleki aphwanyika."

"Vani yatsopano chonchi, a Hlady?"

"Ikunjenjemera. Ikukukuta mano. Ikundikankha phazi."

Jolene anapukuta m'manja. "Sanaphwanyike, bambo. Muli kamakina kamene kamapopa buleki kokha, mofulumira kuposa phazi la munthu aliyense. Inuyo pondani mwamphamvu, osasiya, muziwongolera. Mukamapopa mumakasokoneza."

"Ndinayamba kupopa bambo ako akuyamwa."

"Sindikukana. Koma vaniyi siikudziwa zimenezo."

Anabweranso kawiri ndi dandaulo lomwelo. Ulendo wachitatu Jolene sanaiyang'ane n'komwe vaniyo. Anangomuthirira khofi.

Zinachitika Lachisanu lina mu Novembala, pobwerera. Kamvula kowaza kanali kataundana pa mphambano yokhotera ku Verba. Orest anaona mphambano ikuyandikira ndipo phazi linachita zimene linkadziwa: ponda, siya, ponda, siya. Ulendo uliwonse akasiya, vani inkangopitirira. Inadutsa mphambano yonse n'kukatsikira m'ngalande yodzaza chipale, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yokagona. Palibe anavulala. Nettie anakhala chopendekeka ola lathunthu, atafunda bulangeti, akuotha kandulo ndi kutchula mayina onse a Orest amene anamupatsa kuyambira ali ana. Thalakitala inabwera kudzawakoka. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika ku Regina.

Tsiku lotsatira kunyumba kwa Orest kunabwera Merv Lindgren, mlimi wa ng'ombe amene anali wapampando wa komiti ya vani. Ana ake onse atatu anakulira m'basi ya Orest, choncho anaima pakhomo akuyang'ana nsapato zake.

"A Orest, ndisazungulire. Larysa wandiimbira katatu. Komiti yati mukalowanso m'ngalande, makiyi mukawasiye ku ofesi."

"Ndiye ayendetse ndani?"

"Palibe. Tiimika."

"Ndamva."

"Si kuti ineyo ndikufuna..."

"Ndati ndamva, Merv. Tseka chitseko, ukundilowetsera mphepo."

Lolemba Nettie sanamunyoze ngakhale kamodzi njira yonse. Orest anadziwa kuti zinthu zafika poipa. Pobwera, ali pafupi ndi tauni, Nettie anangoti, "Larysa watumiza makatoni."

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, anapita kukagogoda kwa Jolene.

"Undionetse," anatero.

Anapita pabwalo loimika galimoto kuseri kwa holo ya tauni, pomwe panali pa ayezi pokhapokha ndipo panalibe galimoto ina. Jolene anandandika mitolo ya udzu wouma ngati khoma, n'kukhala pampando wa pambali.

"Thamangani mpaka 40. Ndikati tsopano, pondani osasiya, mukhotere kumanzere kwa udzuwo."

Anathamanga. "Tsopano!" Phazi linapopa lokha. Udzu unamwazika.

Anaundandikanso. Unamwazikanso. Ulendo wachisanu ndi chiwiri Orest anazimitsa injini.

"Mutu wamva," anatero. "Phazi ndiye logontha."

"Ndikugwireni?"

"Undigwire chiyani?"

"Bondo."

Orest anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analiza injini. Ulendo uno Jolene atakuwa kuti tsopano, anatsamira bondo la nkhalambayo ndi manja onse awiri n'kulipanikiza pansi. Buleki inalira, inanjenjemera, inakankha, koma bondo linalibe kothawira. Orest anapotoza chiwongolero, ndipo chimene sanachionepo pa zaka zake zonse chinachitika: phazi lili pansi, pa ayezi, galimoto inamvera. Inazungulira udzu uja n'kuima.

Anatsika. Anapita pomwe anayambira kuponda n'kuwerenga mapazi mpaka pomwe vani inaima. Anawerenganso mizere ya maulendo oyamba aja. Inasiyana mapazi asanu ndi anayi. Anabwerera n'kukhala pampando.

"Kenanso," anatero. "Koma usandigwire. Anthu angaone."

Kuyambira pamenepo mwambo wa pa nkhokwe unasintha. Sanalinso kugunda pang'ono. M'mawa uliwonse asanakatenge munthu, ankapita yekha pamsewu wowongoka uja n'kuponda ndi mphamvu zonse, katatu. Masiku ena phazi linkamvera, masiku ena linkabwerera ku zakale. Amuna omwa khofi pa sitolo ankamva kulirako n'kumauzana kuti Orest wayamba kupera tirigu. Nettie atamva, analamula kuti azimutenga kaye.

"Moyo ndi wanga, nyumba ndi yanga. Ndizionera."

Anaonera sabata imodzi, akuyang'ana bondo la Orest ali kumbuyoko.

"Ladzukanso! Ndaliona. Iwe, sunaphepo mbewa m'nkhokwe?"

"Zikugwirizana bwanji?"

"Mbewa ukaiponda umadzutsa phazi kuti uone ngati yafa? Umakanikiza mpaka itasiya kuphupha."

"Unapha mbewa zingati iwe? Unkakwera pa tebulo."

"Ndinkakwera kuti ndione bwino mmene ukulepherera."

Disembala anadutsa, Januwale, Febuluwale. Kuzizira kwenikweni sikuvuta woyendetsa. Chipale chouma chimagwira tayala ngati mchenga. Woopsa ndi Malichi, pamene kumwamba kwafunda koma nthaka idakali youndana.

Lachitatu lina mwezi umenewo kunacha ndi mvula. Msewu unkangooneka wonyowa, wakuda bwino, ngati wa chilimwe. Pa nkhokwe paja Orest anaponda, ndipo vani inapitirira mpaka pa mtengo wa magetsi wachiwiri isanaime. Anatembenuka kuyang'ana Nettie.

"Lero n'koipa."

"Taona akakolo angawa."

Anali atatupa mpaka kusefukira pa nsapato. Kuchokera Lolemba madzi anali atadzaza m'thupi, ndipo sakanadikira Lachisanu. Orest anayang'ananso malamba onse anayi, n'kunyamuka.

Anayenda pa 50 pamsewu umene anthu amathamanga 100. Galimoto ziwiri zinawapitirira, ina ikuimba hutala. Orest anangoyang'ana matayala ake. Sankamwaza madzi. Msewu wonyowa umalira pansi pa galimoto, koma uwu unali zii. Anachepetsanso.

Chapakati pa ulendo msewu umatsika chitunda, n'kukhota, n'kuwoloka mlatho wa pamtsinje. Mlatho umaundana msewu usanaundane, chifukwa mphepo imadutsa pansi pake. Zimenezi Orest ankazidziwa ngati dzina lake. Anachotsa phazi pa moto adakali pamwamba pa chitunda, n'kuika giya yamphamvu kuti injini iziigwira vani. Komabe vani ndi yolemera, ndipo chitunda chinkaikoka.

Atangomaliza kukhota, anaona. Kutsidya kwa mlatho lole yaing'ono yokoka ngolo yonyamula ng'ombe inali itapindika ngati mpeni, n'kutseka msewu wonse. Pakati pa msewu panaima munthu akukupiza chipewa. Kumanja kunatsala kampata kam'mphepete, ka miyala, pakati pa ngolo ndi ngalande.

Anaponda. Buleki inalira n'kuyamba kumenya chidendene. Vani inalowa pamlatho ikuoneka ngati siikuchepetsa n'komwe. Ndipo bondo linayamba kudzuka. Analimva likudzuka lokha, monga linaphunzirira padziwe paja, chipewa cha bambo ake chili m'mwamba.

"Usasiye!" Nettie anakuwa kumbuyo. "Idakaphupha!"

Anakankhira msana pampando n'kuwongola mwendo wonse. Anasiya kuyang'ana ngolo, anayang'ana kampata. Njanji zotchinga m'mbali mwa mlatho zinadutsa, imodzi, imodzi. Itatha yomaliza anapotoza chiwongolero pang'ono chabe, ndipo vani inamvera. Matayala akumanja anapeza miyala, miyala inalira, vani inagwedezeka kamodzi n'kuima.

Galasi loonera kumbuyo lakumanzere linatsala chikhatho chimodzi kuti likhudze ngolo. Pampata wa matabwa ng'ombe inali kumuyang'ana, ikutafuna.

Mawaipa okha ndiwo ankapita uku ndi uku.

"Tsopano ukhoza kusiya," anatero Nettie.

"Sukudzuka."

"Chiyani?"

"Mwendo."

"Zaka zonsezi umadzuka wosatumidwa, lero wakana?"

Orest anakoka buleki ya dzanja, n'kunyamula bondo ndi manja ake. Nettie anayamba kuseka, kuseka kosaleka, mpaka kupukuta m'maso ndi mpango.

Wachipewa uja anafika pawindo akutsetsereka, akugwira ngolo kuti asagwe. Anali Merv Lindgren. Nkhope inali itayera ngati ufa.

"Muli bwino muno? Mayi Sawchyn, muli bwino?"

"Merv, mwana wa Agnes," anatero Nettie, "mayi ako anakuphunzitsa kuima pakati pa msewu? Ng'ombe zakozo zili ndi nzeru, zakhala m'kati."

Merv anazungulira vani kupita kumanja. Anawerama n'kuyang'ana matayala. Lakutsogolo linaima pa mlomo weniweni wa ngalande, miyala ikugwera pansi umodziumodzi. Orest anatsika n'kudzaima pambali pake.

"Lili m'mphepete mwenimweni," anatero Merv.

"M'mphepete si m'ngalande."

"Ayi. Si m'ngalande."

"Ukamaliza kuyeza pamenepo," Nettie anakuwa m'katimo, "ukayezenso ngolo yakoyo. Komiti imve zonse."

Orest anayang'ana lole ya Merv. Inali yakale, ya bambo ake a Merv, yodya dzimbiri m'mbali. Anayang'ananso mizere imene matayala a loleyo anasiya pamlatho, yowongoka, yosadukiza.

"Unapopa kapena unakanikiza?"

"Ndinakanikiza. Si mmene akunenera masiku ano? Jolene amauza aliyense."

"Amauza a galimoto zatsopano. Yakoyi ilibe kamakinako. Iyi imafuna kupopa."

Merv anacheuka kuyang'ana lole yakeyo.

"Ubwere Lamlungu kuseri kwa holo," anatero Orest. "Ubwere ndi udzu wako."

Sanachedwe ndi nkhani zina. Anatsitsa matumba a mchenga, n'kupatsa Merv limodzi kuti amwaze pamlatho. Iye anatenga zikwangwani zofiira zochenjeza n'kukwera nazo chitunda wapansi, akuponda m'miyala, kukaziika pamwamba kuti wobwera m'mbuyo aone adakali kutali. Atabwerera anathira mchenga kutsogolo kwa matayala ake, anapinda galasi, n'kudutsa pa kampata kaja pang'onopang'ono ngati wolowetsa ulusi pa singano, Merv akumukodola kutsogolo.

Anafika kuchipatala atachedwa ndi ola. Namwino anadandaula. Nettie anamuuza kuti akadandaulire ng'ombe. Orest anabwerera m'vani, anatsegula kambale ka mapirogi, tizitumbuwa toika mbatata m'kati, amene Nettie ankamukonzera ulendo uliwonse, n'kudya ozizira omwewo. Anadya onse, mpaka anyezi wa pansi. Pobwerera magalimoto othira mchere wosungunula ayezi anali atadutsa, msewu unali kuliranso pansi pa matayala, ndipo Nettie anagona njira yonse.

Merv ndi amene anaimbira Larysa, yekha, asanauzidwe. Zimene ananena sizikudziwika, koma za makiyi sizinatchulidwenso. Lamlungu anabweradi kuseri kwa holo ndi lole yake ndi mitolo isanu ndi umodzi. Anaimwaza kanayi. Jolene anaima pambali manja ali m'matumba, akuonera nkhalamba ikukwapula bondo la wapampando wa komiti ndi chipewa.

Orest anayendetsa vaniyo zaka zina zinayi. Mwambo wa pa nkhokwe sanausiye, ngakhale phazi litazolowera, chifukwa ankati chinthu chimene chinagontha kamodzi sachikhulupirira. Maso atayamba kuchita nkhungu anakasiya makiyi yekha, popanda womuuza, ndipo pofika nthawiyo Jolene anali atapeza mlamu wake woti alowe m'malo. Nettie sanagone ku Regina ngakhale tsiku limodzi.

Koma izo n'zapatsogolo. Chaka chomwecho, mu Epulo, Orest anafika Lolemba kudzamutenga n'kupeza makatoni a Larysa aja atadulidwadulidwa n'kuyalidwa m'munsi mwa mawindo onse. Pamwamba pake panali timapaketi ta mkaka todzaza dothi, ndipo m'kalikonse munali kambande ka tomato ka masamba awiri.

"Zonsezi udya wekha?"

"Makumi anayi ndi ziwiri. Khumi ndi zako, ukandilimira dimba."

"Ndine woyendetsa, si wolima."

"Phazi limenelo laphunzira buleki pa ukalamba, fosholo silingalephere. Kankha, tikuchedwa."

Orest anakankha mpandowo mpaka pa vani, n'kugwada kumanga malamba.

"Mangitsa, iwe," anatero Nettie.